Mwatumizidwa ku chipatala cha boma kuno kuchigwa ngati wa social science? Yambani chonchi

Mwezi wathawu mtsikana wina amene wangomaliza kumene sociology anandilembera pa WhatsApp, akuti achimwene ndatsika kuno kuchigwa cha Shire, andiika pa ofesi ina ya zaumoyo koma masabata atatu atha ndikungolemba maminitsi a mitingi ndi kulowetsa manambala mu kompyuta, kodi ntchito yanga kwenikweni ndi chani? Ndinamuyankha mwachidule tsiku lomwelo koma mtima sunakhale pansi, nde ndati bola ndilembe zonse bwinobwino kuti ena amene akubwera mmbuyomu apezepo poyambira. Ine ndayenda zaka ndithu ndi anthu a zaumoyo ku Chikwawa ndi ku Nsanje, ndipo ndikuuzeni kuti chipatala cha boma chimamufuna kwambiri munthu ngati inu, kungoti nthawi zambiri sichidziwa pomuika. Dokotala ali ndi chipinda chake, anamwino ali ndi wodi, a ku labu ali ndi makina awo, inu mulibe chipinda mulibenso yunifolomu, malo anu mudzipangira nokha.

Ntchito yanu ndi iyi. Ma register a kuchipatala amanena kuti abwera angati, asiya mankhwala angati, achirira pakhomo angati, koma sanena chifukwa chake. Chifukwacho chili kumudzi, chili kudimba, chili padoko, pena chili pa benchi pachipatala pomwepo, ndipo inu ndi amene mukuyenera kukachitenga n'kubwera nacho mchipinda momwe mabwana amagawira mafuta a galimoto ndi kukonza mapulani, nthawi isanathe. Mukachipeza koma n'kuchisunga mu laputopu yanu basi, ndiye kuti simunayambe ntchito.

Masabata oyamba khalani pa benchi

Musathamangire kumudzi ndi mafunso anu a kusukulu aja. Pitani pa health centre imodzi, pemphani a in-charge, lawirirani dzuwa lisanatenthe mukhale pa benchi limodzi ndi odwala mpaka mzere uthe. Onani kuti woyamba wafika nthawi yanji ndipo chitseko chatsegulidwa nthawi yanji, onani amene akudumpha mzere ndi amene akubwerera osaonedwa, mverani mmene mayi wobereka mwana kumbuyo akuitanidwira. Chitani izi masiku angapo, la sikelo, la amayi oyembekezera, la ma ARV. Madzulo pemphani a data clerk akuonetseni ma register ndi zomwe zimalowa mu DHIS2, pulogalamu ya pa kompyuta imene unduna wa zaumoyo umasungiramo manambala a zipatala, nde mufunse anamwino ndi alangizi a zaumoyo, ma HSA aja, kuti nambala yomwe imawasowetsa tulo ndi iti. Funso lanu loyamba lichoke pamenepo, likakhala funso lawo adzadikira yankho lake.

Mwachitsanzo katemera wa malungo. Malawi ndi dziko loyamba kuyamba kupereka katemerayu kwa ana, mu Epulo 2019, ndipo Chikwawa ndi Nsanje anali mgulu la maboma 11 oyambirira. Mwana amabayidwa ali ndi miyezi 5, 6, 7, kenako wachinayi akafika miyezi 22, ndipo mukatsegula register muona nokha kuti wachinayiyu ndi amene amavuta. Kuofesi yankho lofulumira limakhala lakuti amayi sakumvetsa, tipange sensitisation. Koma pitani mukakhale nawo amayiwo, wina akuuzani kuti mwana atayamba kuthamanga yekha ndinaona ngati sikelo yatha, wina ali ndi pakati pena kapena khanda latsopano ndipo sangabereke awiri mtunda wonsewo padzuwa la kuno, wina mwezi umenewo banja lonse linasamukira kudimba kutsidya kwa Shire. Anthu atatu amenewa safuna mankhwala amodzi, woyamba akufuna kukumbutsidwa, wachiwiri akufuna kiliniki imuyandikire, wachitatu akufuna tsiku lisinthe.

Chinanso, manambala a kuno muziwawerenga ndi maso awiri. Zipatala za mmalire, cha ku Marka, Ndamera ndi mbali ya Ruo, zimalandira abale athu ambiri a ku Mozambique, nde zimatheka katemera kuoneka kuti wadutsa 100 peresenti pamene mudzi wina wa konkuno ana ake sanafikiridwe. Kompyuta singakuuzeni zimenezo, amene angakuuzeni ndi HSA wa dera limenelo.

Makalata ndi mafumu

Ngati zomwe mukuchita ndi kafukufuku weniweni woti mudzasindikiza, pamafunika chilolezo cha komiti yoona za ufulu wa anthu ofunsidwa, ilipo NHSRC ya ku unduna wa zaumoyo, ilipo COMREC ya ku yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS, iliponso NCRSH yomwe imaona za social science pansi pa National Commission for Science and Technology. Zimatenga nthawi nde yambani msanga. Ngati ndi ntchito ya mkati yongofuna kukonza pulogalamu, mkulu wa zaumoyo m'boma, amene anthu akumutchulabe DHO, akuuzani njira yake, koma olo zikhale choncho munthu aliyense mumupemphe kaye ndipo mumuuze kuti akakana palibe chomwe chisinthe pa thandizo lake kuchipatala. Mawu amenewa muwanene mokweza, chifukwa mukatsika mgalimoto ya boma anthu ambiri amaona ngati kukana ndi mlandu.

Kalata ya ku boma payokha sikulowetsani mmudzi. Mudutse kwa a T/A, kwa gulupu, mpaka kwa anyakwawa a mudziwo, mukhale pansi, mulonjere, mufotokoze. Musaiwale kuti mu 2017 mphekesera za anamapopa zinayambira ku Mulanje ndi Phalombe n'kufalikira m'maboma a kummwera kuno ndipo anthu anaphedwa, mantha amenewo sanafe, amangogona. Nde musafike mmudzi wachilendo kukuda muli ndi chikwama ndi makina osadziwika, rekoda yanu itulutseni anthu aione, aigwire, jambulani mawu anu muwamveretse. HSA akuperekezeni tsiku loyamba kuti anthu akudziweni, koma mukayamba kucheza ndi munthu mupempheni mwaulemu akudikireni patali, chifukwa palibe mayi angakuuzeni kuti neti anaisokera kukhala ukonde wophera nsomba pamaso pa amene anamupatsa netiyo. Chimodzimodzi anyakwawa, alemekezeni, chezani nawo paokha nthawi yokwanira, koma pa gulu la amayi asakhalepo.

Chilankhulo

Kuno ndi kwa Amang'anja ndi Asena. Anthu ambiri Chichewa amamva, koma kumva ndi kutulutsa za kumtima ndi zinthu ziwiri, gogo wa ku Tengani kapena kwa Nyachikadza akayamba kufotokoza za imfa ya mdzukulu wake afotokoza mchisena. Phunzirani olo malonje, mwacherwa tani, takhuta, nkhope zimamasuka nthawi yomweyo. Womasulira musankhe bwino, asakhale mwana wa amfumu, ndipo pa nkhani za amayi akhale mayi.

Komanso mawu omwewo amene mukuganiza kuti mukumvana mwina simukumvana. Mukanena malungo inu mukuganiza za kachirombo kobwera ndi udzudzu, mayi uja akuganiza za kutentha thupi kulikonse ndi kuphwanya mthupi. Ku Chikwawa mumva kwambiri za mauka, amati mayi akakhala ndi mauka, nthenda ya kumalo obisika, mwana woyamwa amatentha thupi. Nde taganizani, mayi wayenda maola awiri, mwana amubaya pachala, akuti malungo mulibe, mankhwala a malungo a LA sapatsidwa, ndipo palibe amene wakhala naye pansi kumuuza kuti nanga chikumutenthetsa mwanayu ndi chani. Akafika kunyumba apongozi amuuza kuti tinanena ife, ndi mauka, ndipo ulendo wina mwana akatentha ayambira kwa asing'anga. Apa vuto si umbuli wa mayiyo ayi, vuto ndi mphindi ziwiri za kufotokoza zomwe zinasowa mchipinda muja, ndipo zimenezo chipatala chikhoza kukonza opanda ndalama ina iliyonse.

Kafunsidwe kake

Funso lakuti chifukwa chani simupita kuchipatala litayeni, limamveka ngati la kupolisi ndipo yankho lake ndi loloweza. Mmalo mwake nenani kuti mayi, tandifotokozereni za ulendo womaliza umene mwana wanu anadwala, zinayamba bwanji, nde mumusiye afotokoze, inu muzingotsata, kenako munatani, munauza ndani, ndalama ya kabaza inachoka kuti, munafika nthawi yanji, anakuuzani chani. Munkhani imodzi yotereyi mumapezamo mtunda, ndalama, mwamuna, apongozi, mtsinje wodzadza, namwino wokalipa kapena wachifundo, zonse mwadongosolo lake mmene zinachitikira. Akakhala chete musafulumire kudzadza mpatawo, kuona maso a nkhono n'kudekha, nthawi zambiri zenizeni zimatuluka mutatseka kale kope.

Musacheze ndi anthu mkati mwa mpanda wa chipatala ngati nkhani ikukhudza chipatalacho. Musangocheza ndi okhawo amene akomiti akusankhirani, amenewo ndi ozolowera alendo ndipo amadziwa mayankho amene mabungwe amakonda, funani amene sabwera ku mitingi, wokhala kumapeto kwa mudzi, msodzi, mnyamata wodula nzimbe ku Nchalo amene amangopezeka Lamulungu, mayi wa mpingo woletsa mankhwala. Nthawinso muiganizire, madzi akaphwa anthu ali kudimba, nyengo yokolola thonje ali kumunda, mukaitanitsa gulu 9 koloko mmawa mupeza agogo ndi odwala okha. Za alawansi nenani zoona poyamba pomwe, ngati kulibe nenani kuti kulibe, ngati kuli sopo kapena ya thiransipoti ikhale yofanana kwa onse ndipo isakhale yaikulu mpaka munthu kulephera kukana.

Koma chida chachikulu ndi maso anu, ndi lilime lanu lomwe. Nthawi ya kolera uja anayamba mu Malichi 2022 n'kupitirira mpaka 2023, amene anagwira anthu oposa 58,000 ndi kupha oposa 1,700 dziko lonse, ndinapita mmudzi wina umene papepala unalembedwa kuti uli ndi madzi abwino chifukwa pali mjigo, komabe anthu amadwala ndipo lipoti limati akukakamira kumwa za mu Shire. Ndinapita pamjigopo ndi amayi ena, mmodzi anapopa n'kundipatsa mkapu osanena kanthu, ndinamwa, mchere wake ngati wina wathiramo dala. Anandiuza kuti nyemba sizipsa, sopo sachita thovu, tiyi sakoma, ana amakana kumwa, nde madzi a pamjigo ndi otsukira mbale basi, akumwa amakatunga kumtsinje ndipo amatunga mothamanga pamalo amodzi omwewo poopa ng'ona, pomwenso ena amachapira. Madzi amchere a pansi panthaka ndi vuto lodziwika mmadera ambiri a chigwa chino. Anthu amenewa uthenga wakuti imwani za pamjigo anaumva kambirimbiri, chomwe chimafunika ndi kolorini kumufikitsa kumene amatungadiko ndi kuwaonetsa muyezo wake pa ndowa yawo yomwe amagwiritsa ntchito, chifukwa akachuluka amanunkha ndipo amawataya. Zimbudzi nazonso, musangowerenga kuti zilipo zingati, funsani kuti chimenechi mwakumba kangati, dothi la mchenga limagumuka ndipo madzi akasefukira zimapita zonse, munthu wakumba katatu mzaka zinayi si waulesi.

Pa maliro a kolera napo mpofunika munthu ngati inu. Malamulo a zaumoyo amati thupi likonzedwe ndi kolorini ndipo liikidwe msanga, abale asasambitse, pasaphikidwe. Malamulowo ndi oona ndipo amapulumutsa miyoyo, koma banja likangopatsidwa thumba lomangidwa osaona nkhope ya mbale wawo, mphekesera zimayambira pomwepo ndipo wodwala wotsatira amabisidwa mnyumba. Khalani pansi ndi a environmental health, adzukulu okumba manda, abusa ndi mashehe, mufunse kuti mwa miyambo yonse ya maliro ndi uti umene sangausiye, nde muone ngati ungachitike mosaopsa, monga abale awiri kuvala zodzitetezera n'kuona thupi likukonzedwa, kapena pemphero kuchitika anthu ataima patali.

Za maneti musafunse masana, kayendeni madzulo. Okutobala ndi Novembala kuno kutentha kumadutsa madigiri 40, mnyumba simugoneka, anthu atulutsa mphasa panja, neti ili mkati yolendewera bwinobwino ndipo pa fomu alemba kuti ilipo. Funso loyenera likhala lakuti panja pano ingamangidwe pati. Kuzungulira nkhalango ya nyama ya Majete ku Chikwawa kunali pulojekiti ya malungo imene anthu a mmidzi eni ake amatseka mipata ya pakati pa khoma ndi denga ndi kuika waya mmazenera, mukapeza mpata kachezeni ndi amene anagwira nawo, akuphunzitsani zambiri za zomwe anthu amapitiriza alendo akapita ndi zomwe amasiya.

Mwini mawu ndi ndani pakhomopo

Uthenga wambiri wa zaumoyo umapita kwa mayi chifukwa ndi amene amabwera ku sikelo, koma mayi si nthawi zonse ali ndi mawu omaliza. Kwa Asena kumene amalowola, mwamuna ndi akuchimuna ndi amene amalamula kuti wodwala atumizidwe ku Queens ku Blantyre kapena ayi, kwa Amang'anja a chikamwini mwinimbumba, malume wa ana, mawu ake amalemera. Koma musangoloweza izi ngati za mayeso, anthu anakwatirana, anasakanikirana, ena mwamuna ali ku Joni ndipo chilolezo chimabwera pafoni, nde pakhomo lililonse funsani kuti tsiku limenelo anavomereza ndani ndipo ndalama anatulutsa ndani.

Apa ndinenepo zomwe zimandipweteka. Alendo ambiri akamva Nsanje amabwera atalemba kale mutu wa lipoti, kulowa kufa, afisi, miyambo yoipa, basi. Miyambo yovulaza ilipodi, malamulo a dziko amailetsa ndipo mukakumana ndi mtsikana kapena mayi wamasiye amene wakakamizidwa musangolemba mkope n'kumapita, mulumikizeni ndi a social welfare kapena a Victim Support ku polisi, ndipo manambala awo mukhale nawo musanayambe ntchito. Koma liwu lakuti chikhalidwe lasanduka bulangete lofunditsa chilichonse, mlatho wakokoloka akuti chikhalidwe, mankhwala atha akuti chikhalidwe. Musanalembe liwu limeneli yambani mwayeza mtunda, mtengo wa bwato ndi kabaza, ndi zomwe munthu anakumana nazo ulendo wake womaliza kuchipatala.

Tengani nkhani ya uchembere. Boma linaletsa azamba kubereketsa mu 2007, mu 2010 chiletsocho chinafewetsedwa, kenako mafumu ambiri anaika malamulo a mmudzi akuti wochirira pakhomo alipe mbuzi kapena ndalama. Ochirira kuchipatala anachulukadi ndipo ndi chinthu chabwino. Koma mukaona mu register amayi ambiri olembedwa kuti anachirira panjira, imani kaye, ena mwa iwo anachirira pakhomo ndipo akuopa chindapusa, ena anabisala osabweranso ndi mwana yemwe. Mukafunsa za chidikiro mumva zenizeni, mayi akapita kukadikira mwezi wathunthu adya chani, nkhuni azitenga kuti, ana otsala awaphikira ndani, mbalame kumunda wa mapira aingitsa ndani.

Ogwira ntchito nawonso ndi anthu oti muwamve

Musakhale wa social science amene amangotenga madandaulo a kumudzi n'kukawakhuthulira anamwino pa mitingi, mwezi umodzi zitseko zonse zikutsekerani ndipo akhala akulondola. Pa health centre zina namwino mmodzi yemweyo wabereketsa usiku wonse, mmawa ali pa sikelo ya amayi, nyumba yake ilibe magetsi, ana ake ali ku Blantyre chifukwa cha sukulu, ambulasi waiimbira kasanu akuti mafuta palibe. Chezani naye ngati mmene mwachezera ndi mayi uja, mumufunse za usiku wake womaliza wovuta. HSA amayenera kuona anthu 1,000 koma ambiri amaona oposa pamenepo, ndipo pulogalamu iliyonse yatsopano imabwera ndi fomu yake n'kumusenzetsa yemweyo. Izi zilowe mu lipoti lanu mofanana ndi za kumudzi. Pakakhala nkhanza zenizeni kwa odwala njira zake zilipo, kuli hospital ombudsman amene amalandira madandaulo a odwala, kuli komiti ya chipatala, athandizeni anthu kuzidziwa njirazo, inu musasanduke khothi.

Chinsinsi muchisunge ngati moyo wanu. Kuchotsa dzina sikokwanira, mukalemba kuti namwino wa pa health centre yakuti anati, pamene namwino alipo mmodzi, mwamupereka. Mukalemba kuti mayi wamasiye wa ana asanu wa mudzi wakuti amamwa ma ARV, mudzi wonse umudziwa. Mawu ojambulidwa asakhale mufoni yomwe ana amaseweretsa, ndipo zithunzi za odwala pa Facebook ayi.

Madzi akasefukira

Kuno zimenezi si za mwina, madzi osefukira a Januwale 2015, anamondwe aja Idai mu 2019, Ana mu Januwale 2022, Gombe miyezi iwiri pambuyo pake, Freddy mu Malichi 2023, aliyense amakumbukira kumene anathawira. East Bank, tsidya la kummawa kwa Shire, imadulidwa, ku Makhanga kumafikika ndi bwato kapena ndege, anthu amadzadza mmasukulu ndi mmatchalitchi. Nthawi imeneyi palibe za kafukufuku wa miyezi isanu ndi umodzi, muli ndi masiku atatu kapena anayi nde muzipereka zomwe mwapeza madzulo aliwonse pakamwa. Funsani zomwe ena sakufunsa pamene onse akuwerenga matumba a ufa. Mabuku a kuchipatala anapita ndi madzi, nanga wa ma ARV, wa TB, wa shuga, wa khunyu alandira bwanji, ndipo ngati tenti ya ma ARV yaikidwa pakati pa kampu pamene aliyense akuona wolowa, ambiri angolimba mtima osapita. Zimbudzi za amayi zili kumdima kapena moyandikana ndi za abambo? Jakisoni wolera akupezeka? Atsikana akusamba azichapa kuti nsalu zawo? Mu 2015 ku Nsanje kunaperekedwa katemera wa kolera wakumwa kwa anthu a mmakampu ndi midzi yozungulira, ndipo katemera ngati ameneyu wofuna kumwa kawiri amafuna wina adziwe kuti anthu adzakhala kuti tsiku lachiwirilo, chifukwa madzi akangoyamba kuphwa abambo amabwerera kukadzala.

Kubwererako musakuweruze msanga. Mumva ambiri akunena kuti anthu a kumunsi ndi okanika, amakana kusamukira kumtunda. Kafunseni, dothi lobwera ndi madzi lija ndi limene limabereka chimanga, nyemba ndi mbatata popanda feteleza, kumtunda ndi kouma ndipo malo ndi a mfumu ina, nyakwawa akasamuka ufumu wake umathera pomwepo, manda a makolo ali konko. Chipatala chikamvetsa izi chimasiya kudikira anthu kumene boma likufuna akhale n'kuyamba kuwatsata kumene alidi.

Khalaninso ndi kope la mphekesera chaka chonse. Zomwe zikunenedwa pa siteji ya kabaza, mmatiyirumu, pamaliro, mmagulupu a WhatsApp, lembani tsiku, dera ndi mmene zikunenedwera, osalemba dzina la wonena. Nthawi ya katemera wa Covid ndi wa poliyo uja anabwera nthendayi itapezeka ku Lilongwe mu 2022, funso lomwe linavuta linali lakuti bwanji katemera wachuluka chonchi pamene panado kuchipatala kulibe, ndipo limeneli ndi funso lanzeru lofuna yankho loona. Mukalitola msanga a health promotion akhoza kuliyankha pa wailesi ya Nyanthepa kapena kudzera mwa abusa lisanakule.

Kubweza zomwe mwapeza

Apa ndi pamene ambiri timagwera. Lipoti la masamba 60 a DHMT, gulu la mabwana oyendetsa zaumoyo m'boma, saliwerenga, osati chifukwa cha mphwayi koma nthawi alibe. Lembani masamba awiri, pamwamba penipeni zomwe mwapeza mziganizo zitatu kapena zinayi, kenako zoti zichitike, ndipo muzisiyanitse, izi zitheka sabata ino popanda ndalama monga kusintha tsiku la outreach kuti lisagundane ndi la msika, izi zifuna mafuta, izi ndi za ku Lilongwe. Chilichonse chikhale ndi mwini wake. Ikanimo mawu a munthu mmodzi kapena awiri mmene anawanenera, amagwira mtima kuposa tebulo. Koma musanamizire manambala, mwacheza ndi anthu 20 musalembe ma peresenti ngati mwawerenga boma lonse, nenani kuti izi ndi zifukwa zomwe zilipo, kuchuluka kwake tikuone mu DHIS2 kapena tipange survey. Anthu a zachipatala akakugwirani kamodzi mukukokomeza sakukhulupiriraninso.

Dziwaninso kalendala. Chaka cha ndalama za boma pano chimayamba pa 1 Epulo ndipo mapulani a boma lililonse amakonzedwa miyezi ya mmbuyo mwake, nde mfundo yofuna ndalama ikafika mu Meyi idikira chaka chamawa. Pemphani mphindi khumi pa mitingi ya DHMT, koma musanalowe muyambe mwaonana ndi coordinator wa pulogalamuyo payekha kuti asadzidzimuke pagulu, akakhala mbali yanu ndi iye amene adzaikankhe nkhaniyo inu kulibe.

Mukatero bwererani kumudzi kuja. Anthu a kuno afunsidwa mafunso ndi mabungwe osawerengeka chiyambire 2015 ndipo ambiri mwa ofunsawo sanaonekenso, nde ena akakuonani ndi kope amangoti abweranso aja. Pitani kwa anyakwawa, itanitsani amene munacheza nawo ndi a komiti ya zaumoyo ya mmudzi, muwauze kuti tinamva zakuti ndi zakuti, kodi tinamva bwino? Akukonzani pena, ndipo zokonzazo muzilembe. Kenako muwauze zomwe chipatala chavomera ndi zomwe chakana, olo yankho likhale lakuti ndalama palibe linenedwe choncho. Mafuta a ulendo umenewu muwaike mu bajeti poyamba pomwe chifukwa kumapeto amakhala atatha, ndipo ngati ndi East Bank kapena kwa Nyachikadza mupite mvula isanayambe.

Mchemwali wanga uja ndinamuuza kuti maminitsi apitirize kulemba, chifukwa mmenemo ndi mmene adziwire amene amalamula mafuta ndi nambala imene ikuwavuta mabwana, koma Lolemba apemphe tsiku limodzi pa sabata lopita ku health centre. Dzulo wanditumizira uthenga kuti amulola Lachitatu lililonse, ayamba ndi register ya ana amene sanabwerere kudzabayitsa wachinayi uja, ndipo HSA wina wavomera kumukweza panjinga yake mpaka padoko.